Makapisozi a probiotic sangalowe m'malo mwa inhela

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za timabotolo ta makapisozi timene tadzadza pa WhatsApp ndi Facebook masiku ano, akuti muli mabakiteriya abwino otchedwa probiotic ndiye amachiza ziwengo zonse, kuyabwa, chimfine cha fumbi mpaka mphumu imene. Mtengo wakenso osanena. Chandiwawa ine nchoti mayi wina kumpingo kwathu wamusiyitsa mwana inhela, kachida kaja kopopera mankhwala a mphumu mkamwa, ati poti wayamba makapisozi amenewa.

Komatu mabakiteriyawa siachilendo ayi, ndi a gulu lomweli limasasitsa mkaka nkukhala chambiko kapena yogati, amadya shuga wa mumkaka nkutulutsa asidi uja timamumva kuwawasa. Maganizo a akatswiri ndi oti akakhala m'matumbo a mwana wakhanda amathandiza chitetezo cha mthupi kuti chizolowere, chisamangolimbana ndi zinthu zosavulaza ngati fumbi, mazira kapena mtedza. Ndiye sikuti ogulitsawa angopeka zonse, pali kachoonadi kena kamene akukokomeza.

Nkhaniyi inatchuka mu 2001 ndi kafukufuku wa ku Turku ku Finland. Anatenga amayi oyembekezera amene kubanja kwawo kuli ziwengo nkuwapatsa mtundu umodzi wotchedwa Lactobacillus rhamnosus GG atatsala masabata ochepa kuti achire, ndipo anapitiriza kwa miyezi 6 mwana atabadwa. Anawa atakwana zaka 2, amene anadwala nthenda yoyabwa pakhungu ija amati eczema anali 23 pa 100, pomwe kwa amene sanalandire anali 46 pa 100. Zabwino ndithu. Koma taonani, kumeneku kunali kupewa, kwa makanda, komanso nthenda ya pakhungu basi, osati kuchiza munthu wamkulu amene akubanika kale pachifuwa. Ndiye ena ku Germany atayesanso mtundu womwewo mu 2008 sanapeze kusiyana kulikonse pa eczema. Bungwe la World Allergy Organization mu 2015 linati amayi ndi makanda amene ali pachiopsezo atha kugwiritsa ntchito, koma linanenanso poyera kuti umboni wake ndi wofooka kwambiri ndipo phindu likuoneka pa khungu pokha, pa mphumu ndi ziwengo za chakudya palibe.

China chimene sakutiuza nchoti mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake, zomwe zapezeka pa umodzi sungazinenere wina. Tafunsani wogulitsayo kuti m'botolomo muli mtundu wanji, muona akuyamba za maumboni a anthu aku Joni. Ndipo tizilomboti timayenera kukhala tamoyo, nanga botolo loti latandala mchikwama padzuwa la Okotobala mungalidalire?

Chambiko tiyeni tizimwa, nchakudya chabwino komanso chotchipa, ine ndimachikonda ndi nsima yozizira. Bola mwana amene amawenga mkaka wa ng'ombe musamupatse poganiza kuti azolowera, kusasa sikuchotsa zomwe amawengazo. Ndipo munthu akatupa milomo ndi kukhosi nkumalephera kupuma atadya kanthu kapena atalumidwa ndi njuchi, thamangani naye kuchipatala akamubaye jakisoni wa adrenaline, makapisozi alibe ntchito pamenepo.

A bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, kodi malonda olonjeza kuchiza mphumu pa foniwa mukuwaona?

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre