Kalata kwa Nachisale: usiku usamayankhe foni

Zomba, Lachitatu usiku

Mwali Nachisale,

Kalata yako inafika, nsapato nazonso zinafika. Koma tandiuze, phazi langa unaliiwala? Chichokere iwe likadali 7, ndiye 5 ameneyu umagulira ndani? Akuvala ndi Mwayi, ndipo Lamulungu amachita kuyenda monyang'wa ngati anagula yekha. Ife kuno tilipo, kupatula bondo lija, likangoona mitambo layamba. Bambo a Tadala akuti anyamuka Lachisanu, ndiye ndati ndilembe lero kuti kalatayi ilowe m'chikwama limodzi ndi usipa ndi tiyi wako. Usipawo akakawalanda pabwalo la ndege usandifunse ine.

Walemba kuti tsopano uli pa naiti, ndipo usiku foni ya pachipatala umayankha ndiwe chifukwa wa pa risepushoni amakhala ataweruka. Iwe unangodutsapo, mzere umodzi basi, n'kupitiriza za chisanu ndi lendi. Ine mzere umenewo wandisowetsa tulo, ndipo kuti umvetse ndiyambe ndaulula zanga.

Kusukulu kwathu kunabwera mphunzitsi watsopano, kamtsikana kofatsa, koti popereka choko kamachita kugwira pamkono. Miyezi isanu asanalandire malipiro, akungodya zangongole. Ndiye mnyamata wathu wa Masamu uja, wodziwa kutengera mawu a anthu, anamuimbira foni ali kuseri kwa laibulale, akuti ndi bwana wa ku likulu, ndalama zanu zonse zatuluka, mungotchula nambala yanu ya ntchito. Ife tili mu stafu rumu tikudziwa zonse, maso pa mtsikanayo. Mwali, mwana uja anaimirira. Anaimirira kuyankha foni, dzanja lina lili pachifuwa, bondo likupindika lokha: zikomo bwana, Mulungu akudalitseni bwana, mayi anga akudwala bwana. Wina anajambula. Tinaseka mpaka misozi, ine ndinachita kutsamwa ndi mandasi. Madzulo ake kanemayo anafika pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ine mnzako, ndi imvi zangazi, ndinamutumiza ku magulu ena awiri, lina la amayi a ku tchalitchi.

Lolemba sanabwere. Lachiwiri sanabwere, foni yozima. Lachitatu titaweruka ndinapita komwe amachita lendi. Chitseko chotseka, katani yotseka, patapata zake zili pakhomo zoyang'ana mkati, ndowa ili pampopi yosatungidwa. Ndinati odi kawiri, zii. Pa nthawi imene ndinaima pakhonde paja, mwina mphindi imodzi yokha, dzina limene linandibwerera ndi la Jacintha Saldanha, dzina loti ndinali nditaliiwala zaka zambirimbiri.

Ukumukumbuka? Unali usanapite nthawi imeneyo, tinkamvera limodzi BBC pa kawailesi ka malemu bambo ako. Unali December wa 2012. Kate, mkazi wa William mdzukulu wa Mfumukazi ya ku Britain, anagonekedwa pa chipatala cha King Edward VII ku London, ali ndi pakati pongoyamba kumene, akusanza kosalekeza. Pa 4 December, cha m'ma 5:30 m'mawa, foni inalira. Ku Sydney, ku Australia, nthawiyo kunali masana, anthu awiri a pa wailesi ya 2Day FM, Mel Greig ndi Michael Christian, akuimba foniyo mosewera: wina akuti ndi Mfumukazi, wina Charles bambo ake a William, kumbuyo kukumveka kuuwa kwa agalu abodza. Pa risepushoni panalibe munthu, wonyamula foni anali namwino, Jacintha, mayi wa zaka 46 wochokera ku India, dera la Mangalore, banja lake lili ku Bristol iye akugona ku nyumba za anamwino. Mawu ake pa foni ija ndi ochepa kwabasi, anangolumikiza ku wodi. Namwino wina ndiye anafotokoza mmene wodwalayo anagonera. Pofika mawa lake dziko lonse likuseka. Ngakhale Charles mwiniwake anachita nayo nthabwala atafunsidwa ndi atolankhani. Ifenso tinaseka, usakane, iwe unkayeserera mawu a Mfumukazi ukupala nsomba. Pa 7 December Jacintha anapezeka atadzipha. Anasiya mwamuna ndi ana awiri, ndipo anakaikidwa kwawo ku Shirva.

Mtsikana wathu anatsegula, mwali, usaope. Anatsegula atafunda chitenje kumutu, maso otupa, n'kunena kuti lowani madamu, n'kuyamba kufuna mpando woti andipatse. Ine wobwera kudzapepesa, iye akupepesa kuti alibe shuga. Anandiuza kuti kanema uja anafika mpaka kwa achimwene ake ku Johannesburg, ndipo ana a Fomu 2 amati akamuona pamsewu amapinda bondo n'kumati zikomo bwana. Ndinamuuza kuti inenso ndinatumiza. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti palibe kanthu madamu. Mawu amenewo akundiwawabe kuposa akanandinyoza. Tinakhala mpaka mdima, ndinaitanitsa mchemwali wake kuti adzagone naye, ndipo sabata yotsatira anabwerera ku ntchito. Koma mu stafu rumu salowa, amadyera m'kalasi.

Chichokere apo takhala tikukangana ndi aNaphiri, mpaka Loweruka tinasiyana pa chigayo osatsanzikana bwino. Iwo akuti nthabwala ndi nthabwala, anthu a ku Sydney aja sanaphe munthu, ndani akanadziwa? Akuti munthu sadzipha chifukwa cha foni imodzi, pamakhala zina zimene zinali kale mumtima. Pamenepo sindikuwatsutsa kwenikweni. Imfa yotere siyenda yokha, imakhala ndi mizu yambiri, ndipo ife akunja timaona umodzi wokha umene watulukira pamtunda. Awiri aja ankayembekeza kuti foni idulidwa pomwepo, mawu awo anali oseketsa dala. Patangopita masiku atatu Jacintha atamwalira anaonekera pa TV akulira, ndipo Mel Greig anthu anamuopseza kuti amupha. Amenewonso, ofuna kupha mtsikana pofuna kusonyeza kuti imfa ya namwino yawakhudza, ine sindiwamvetsa. Mu February 2013 oimira boma pa milandu ku Britain ananena kuti sawazenga mlandu. Chabwino. Khoti lili ndi muyezo wake.

Koma aNaphiri akuiwala chinthu chimodzi. Foni ija sinaulutsidwe pomwepo. Inajambulidwa, inasungidwa, akuluakulu anaimvetsera, maloya anaiona, kenako n'kuiulutsa. Panali nthawi. Panali anthu okhala pamipando, tiyi ali patsogolo, oti akanafunsa kuti kodi anamwino awiriwa mawa akadzuka bwanji? Wailesiyo inati inayesa kuimbanso kuchipatala kangapo, koma chilolezo sinachipeze, ndiye inangoulutsa. Iwe ukagogoda pakhomo kangapo osayankhidwa, umathyola chitseko n'kumati ndinagogoda? Ine ndimawaona awiri olankhula aja ngati mnyamata wathu wa Masamu: opusa, ofuna kutamandidwa. Koma amene anali ndi nthawi yoganiza n'kudina batani, ameneyo ndi ine. Foni inali m'manja mwanga madzulo onse, ndinaphika, ndinadya, ndinasamba, kenako ndinatumiza.

China chimene chikundidya n'chakuti nthabwala zoterezi amati akuseka akuluakulu, koma zimagwera wamng'ono. Ankafuna kuseka banja lachifumu. Banja lachifumu linataya chiyani? Mwana uja anabadwa mu July 2013, George, pano ndi mnyamata wamtali. Charles ndi mfumu. Ifenso mnyamata wa Masamu akuti ankafuna kuseka a ku likulu ochedwetsa malipiro. A ku likulu sanamve n'komwe. Njovu sizinamenyane apa, koma udzu unapondedwabe. Ndipo tikanena zoona, chimene tinkaseka mwa mtsikana uja ndi ulemu wake, zomwe tinamuphunzitsa tokha, kuti wamkulu akalankhula usamufunse kuti ndinu ndani. Namwino wobwera, wochokera dziko lina, 5:30 m'mawa, atagwira ntchito usiku wonse, amve mawu oti ndine Mfumukazi, pachipatala pomwe banjalo limagonekedwadi. Akanati bwanji? Akanati tandiuzeni tsiku lanu lobadwa? Iwe ukanatero?

Achipatala anati sanamudzudzule, a kunyumba yachifumu anati sanadandaule. Mwina n'zoona. Koma manyazi sadikira kalata ya bwana. Ifenso mtsikana wathu palibe anamudzudzula, tonse tinkamuuza kuti iwe usadandaule, inali nthabwala chabe, uku tikubisa mano. Pa kafukufuku wa imfayo, amene anachitika mu September 2014 ku London, woweruza Fiona Wilcox anapeza kuti anadzipha ndipo kuti nkhani ya foniyo inkamulemera m'maganizo. Mel Greig anachoka ku Australia kukapezekapo, n'kupepesa pamaso pa banjalo. Ameneyo ndimamupatsa ulemu pang'ono, chifukwa ndikudziwa tsopano kulemera kwa miyendo ukamapita kukagogoda. Kampani yake ya wailesiyo, Southern Cross Austereo, inapereka madola a ku Australia 500,000 kwa banjalo. Koma kampani yomweyo, miyezi isanu ndi umodzi yokha maliro atachitika, inapatsa Michael Christian mphoto ya wowulutsa mawu wotsogola. Dzanja lina chipepeso, dzanja lina mphoto. Kwathu munthu wotero akanamuitanitsa kwa amfumu. Mu 2015 khoti lalikulu la ku Australia linagamula kuti bungwe loyang'anira mawailesi linali ndi mphamvu yonena kuti wailesiyo inaphwanya lamulo pojambula munthu mobisa. Zaka ziwiri ndi miyezi, maloya akukangana za mphamvu za bungwe, ana awiri aja akukula opanda mayi.

Bambo a kunyumba kuno akuti ndikukulitsa nkhani. Akuti ukatero ndiye pa 1 April tizingokhala ngati tili pamaliro, ndipo anyamata onse ojambula tinthabwala m'misika amangidwe. Ine sindinatero. Iwe ndi ine tinakula ndi chipongwe, unandiuzapo kuti Sisitere akundifuna ndikathamanga mpaka ku ofesi, ndipo sindinafe. Koma paja tinaseka anthu asanu, pofika madzulo nkhani yatha, ndipo iwe unali pomwepo kuti ndikumenye. Pano oseka ndi anthu oti sudzawaona, ndipo chinthucho sichifufutika. Ndinafufuta mu foni yanga, amayi a ku tchalitchi akadali nacho. Mai a Chikondi anandifunsa Lamulungu kuti kamtsikana ka zikomo bwana kali bwanji, akuseka, Baibulo lili m'khwapa.

Ndiye tamvera, mwali. Foni ikalira usiku usanyamule. Isiye ilire mpaka itope. Akakufunsa uziti unali ndi wodwala, uziti Chingerezi cha pafoni sumachimva, uziti dzanja linali m'magolovesi. Akaimba wina n'kunena kuti ndine mfumu Charles, umuuze kuti nanenso ndine Inkosi ya Makosi, tikumane pa dambwe. Dzulo usiku ndinafika poganiza kuti ndikulembere mayankho papepala uziwamata pakhoma, kenako ndinayamba kuwerengera ndalama ya ndege yodzakutenga, kenako ndinakuona uli pa TV, aNaphiri akuuza anthu pa chigayo kuti timamudziwa ameneyu. Bambo anadzuka n'kundifunsa chimene ndikung'ung'udza. Seka, ndikudziwa ukuseka. Koma chimodzi ndikunena ndi mtima wonse: tsiku lina ukadzalakwitsa kanthu kumeneko, kaya n'kakang'ono bwanji, kaya anthu akuseka kaya akukalipa, usakadzitsekere m'kachipinda kako kaja wekha. Undiimbire, kaya ndi 2 koloko usiku. Uuzenso mnzako wa ku Zimbabwe uja, iyeyo ndiye ali pafupi nawe, ine ndili kutali. Chimene chimandiopsa pa nkhani ya Jacintha ndi masiku atatu aja, banja lili mzinda wina, iye akumva dziko lonse likubwereza mawu ake.

Magetsi azima, ndikulemba ndi tochi ya foni, ndiye zilembo zikapindika usanene kuti ndakalamba. Shuga wakweranso, sindikuuza mtengo ungakomoke. Nkhuku zija zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi yoti ngakhale chitopa chinaikana. Denga la kukhitchini likudonthabe, mmisiri anadya ndalama n'kusamukira ku Liwonde. Iii, ndikanaiwala, Chisomo anachira, mwana wamwamuna, ndipo amalume ako a ku Jali anagulitsa munda uja, nkhani yake ndi yaitali. Nsapato ukadzagulanso ndi 7, mwali, 7, ndipo zisakhale zazitali chidendene.

Mtsikana uja ndamuitana Loweruka kuti adzadye kuno. Wavomera, koma sindikudziwa ngati wavomera chifukwa akufuna kapena chifukwa ndine wamkulu, ndipo ndikaganiza zimenezo ndiye ndimayambanso... pepala latha, kuseriku kuli mndandanda wa mayeso a Fomu 3.

Ndine mnzako,
Nabanda