Kwa Madalitso, za ulendo wako wa ku Lifupa

Wokondedwa mwana wanga Madalitso,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu. Kuno tilipo, koma bondo la amayi ako likuwavutabe m'mamawa. Kwayamba kutentha, ndipo utsi wa lupsa ukuoneka madzulo aliwonse mbali ya kuzambwe.

Dzana pafoni paja unkalankhula mothamanga, netiweki nayo inkangodukaduka, moti zambiri zinanditsalira pakhosi. Ndiye ndalemba papepala, mlongo wako ajambula n'kukutumizira pa WhatsApp. Uwerenge utakhala pansi.

Chomwe ndinamva n'choti muli ndi magalimoto anayi, anthu 14, ndipo atatu mwa iwo ndi ana. Mudzanyamuka ku Lilongwe Lachisanu sabata ya Tsiku la Anakubala, kukagona m'matenti masiku awiri ku Lifupa ndi kuzungulira misewu ya m'kati mwa paki ya Kasungu. Sindikukuletsa ayi. Mtima wanga wakondwa. Iwe unabadwira kufupi ndi nkhalango imeneyi koma sunalowemo, chifukwa nthawi imeneyo tinkaona ngati n'zoyenera azungu okha. Pita ukaone dziko lako.

Koma pafoni paja unandiuza za galimoto yokhayokha: injini yake, matayala ake atsopano, kutalika kwake kuchokera pansi. Za anthu omwe wawatenga sunanenepo kanthu. Apa ndi pomwe tulo tandithawa. Amene wanena kuti "tiyeni" ndiwe, ndipo ukatero watenga ana a eni. Aliyense mwa anthu 14 amenewo ali ndi mayi wake amene adzafunse iweyo chikachitika china, osati galimoto.

Ndayendetsa lole ya pa esiteti ya fodya zaka 27, kunyamula mabelo kupita ku okushoni, kubwerera ndi feteleza, m'misewu yomwe lero ungaitche njira za ng'ombe. Chaka china uli wakhanda, mvula yoyamba itangogwa, ndinafika pa dambo lina lomwe ndinali nditawoloka m'mawa wa tsiku lomwelo fumbi lili kobo. Pamwamba panali pooneka pouma. Wothandizira wanga, mnyamata wa zaka ngati zako panopa, anati atsike akapondeponde kaye, ine n'kumuuza kuti nthawi yatha. Tisanafike n'pakati pomwe, mawilo akumbuyo analowa mpaka chitsulo chapansi chinakhala pa thope. Makande ndi otero: khungu louma pamwamba, phala pansi. Ndinapondanso mafuta, lole n'kudzikumbira manda. Kunabwera thalakitala, tinamanga tcheni chakale pamalo posayenera, ndipo pokoka chinadukira pakati n'kubwerera ngati chikoti. Chinam'menya mnyamata uja pamwendo. Sanafe, koma mpaka lero amatsimphina, ndipo ndikakumana naye pamsika ndimasowa poyang'ana. Amene anatichotsa pamenepo m'mawa mwake anali anthu a m'mudzi wapafupi, ndi makasu, nthambi ndi ng'ombe zinayi.

Choncho ukamamanga chingwe chokokera, uchimange pa ngowe yomwe inapangidwira ntchito imeneyo pa chasisi. Pa kabolo kokokera ngolo kaja usamangepo, kamathyoka n'kuuluka ngati mwala wa legeni. Aliyense aime kutali, kupitirira kutalika kwa chingwecho, makamaka ojambula ndi mafoni, poti amenewo ndiwo amayandikira osazindikira. Pakati pa chingwe uponyepo bulangete kapena saka lonyowa kuti chikaduka chigwere pansi. Olamula pokoka akhale mmodzi yekha. Ndipo mawilo akayamba kuzungulira pamalo amodzi, chotsa phazi pa mafuta nthawi yomweyo, tsika, tenga khasu.

Mwezi wa Okutobala unausankha bwino mbali ina: udzu wachepa, nyama zimasonkhana kumadzi, misewu ndi youma. Komanso ndi mwezi wa chizimalupsa. Mvula imeneyi imabwera osagogoda, ndipo ola limodzi lokha limakwana kusandutsa dambo kukhala msampha. Mitambo ikachita bii, musawoloke dambo lomwe mudzafunike kuliwolokanso pobwerera. Pomwe pali mchenga wambiri, monga m'makwawa ouma, lowetsa giya yoyendetsa mawilo onse anayi usanafikepo, osati utatitimira kale. Ukhozanso kuphwetsako mpweya m'matayala mpaka cha pa 1.5 bar pa geji, koma pokhapokha ngati muli ndi pampu yobwezera, chifukwa tayala lofewa limang'ambika m'mbali mosavuta likagunda chitsa, ndipo m'nkhalango ya mombo zitsa zimabisala mu udzu.

Udzu womwewo ndi woopsa mwa njira ina. Umakodwa pansi pa galimoto pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo paipiyo ikatentha umayaka. Mukaima, wina agwade ayang'ane pansi n'kuuchotsa. Musaimike galimoto yotentha pa udzu wautali wouma. Ndinaonapo pikapu itapsa yonse mwini wake akudya nsima pamthunzi chapafupi.

Tsopano za kuyenda m'gulu, zomwe kwa ine ndiwo mutu wa nkhani yonse. Musananyamuke mukhale pansi, oyendetsa anayi nonse, mugwirizane lamulo limodzi: aliyense ndi mlonda wa galimoto yomwe ili kumbuyo kwake, osati ya kutsogolo. Ukafika pamphambano, ima mpaka uone nyali za mnzako, kenako khota. Akasowa pagalasi, ima. Aliyense akachita zimenezi, wakumbuyo akaphulitsa tayala gulu lonse limaima lokha popanda woimba foni, ndipo m'katimo foni siimagwira paliponse. Galimoto yofooka kapena dalaivala wosazolowera akhale pakati. Yamphamvu, yonyamula chingwe ndi zida, ikhale kumapeto. Ndikudziwa kuti mtima wako ukufuna kutsogolera, koma ngati yamphamvuyo ndi yako, malo ako ndi kumbuyo, kudya fumbi la anzako. Siyanani mtunda wokwanira kuti fumbi lisakutsekeni m'maso, ndipo pamalo ovuta pazidutsa galimoto imodzi, ina idikire mpaka yoyambayo itatuluka.

Pagulu lililonse pamakhala mmodzi wofuna kuonetsa kuti galimoto yake ndi chilombo. Ukumudziwa kale, usandiuze dzina. Ulankhule naye muli awiri ku Lilongwe konko, osati pamaso pa mkazi wake m'tchire. Za mowa mugwirizanenso poyera: botolo litsekulidwe makiyi atalowa m'thumba, tenti itaima. Ndalama za mafuta, zakudya ndi zolowera pageti musonkhe musananyamuke ndipo asunge munthu mmodzi wolemba m'kabuku. Maubwenzi ambiri amathera pa zigubu za dizilo.

Kunena za dizilo, ukudziwa mmene mafuta amasowera m'dziko muno masiku ena. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Kasungu pamsewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo kuchokera pa boma kukafika ku Lifupa ndi opitirira 50, mbali yaikulu msewu wafumbi. Mudzaze matanki ku Lilongwe, mudzazenso pa Kasungu ngati alipo, ndipo galimoto iliyonse ikhale ndi chigubu cha malita 20. Magiya aang'ono amamwa mafuta kuposa mmene mumazolowerera mu tauni. Madzi akumwa muwerengere malita 5 munthu aliyense patsiku, kutentha kwa mwezi uno si kwamasewera. Tayala lapadera likhale lopopa, ndipo uyese jeki ndi sipanala yako pakhomo, usadzazindikire m'tchire kuti sizigwirizana ndi manati. Tenga thabwa lolimba loika pansi pa jeki. Munyamuke m'mawa kuti mukakhome matenti dzuwa likadalipo.

Uimbire ku ofesi ya paki sabata ino. Ufunse nthawi yotsekera geti, misewu yomwe ikudutsika, malo ololedwa kugona, komanso ngati angakupatseni wa gemu woyenda nanu. Safunsa anadya phula. Pakiyi ndi yaikulu, masikweya kilomita opitirira 2,000, yachiwiri kwa Nyika, ndipo kuzambwe yachita malire ndi Zambia. Mitengo yake imafanana kulikonse, moti munthu ukhoza kuzungulira tsiku lonse osadziwa kuti wasochera. Wa gemu ndiye angakufikitseni pa Black Rock kukaona nkhalango yonse ili pansi panu, n'kukuonetsani ng'anjo zomwe makolo athu ankasungunuliramo chitsulo kalekale malowa asanakhale paki m'chaka cha 1970. Adzukulu anga aone zimenezo. Ndipo umvetse bwino: m'paki simuyendetsa galimoto paliponse pomwe mtima wafuna. Mumatsata misewu yomwe ilipo. Mawilo anayiwo ndi okutulutsani pamsewu woipa, osati otsegulira msewu watsopano pofuna kuyandikira nyama.

Za njovu ndilankhula ngati munthu wokhala kuno. M'chaka cha 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kwa inu alendo ndi nkhani yokoma, mudzaziona pa damu la Lifupa zikumwa madzi. Kwa anthu a m'malire a paki, monga mbali za kwa Chulu, nkhani yake ndi ya minda yodyedwa usiku umodzi, nkhokwe zogumulidwa, ndi maliro omwe ena a ife tinakakhalapo. Njovu ikatseka msewu, ima patali, injini isazime, hutala usaimbe, ndipo uone msanga kobwerera. Yamwana usaiyandikire ngakhale pang'ono, ndipo galimoto isalowe pakati pa gulu. Akumbuyo asakuthithikize, kuti ukafuna kubwerera m'mbuyo upeze mpata. Ana asatulutse mitu pawindo.

Podutsa m'midzi ya m'malire, chepetsani liwiro kwambiri. Magalimoto anayi othamanga amakwirira ufa woyanika pamphasa ndi fumbi, ndipo ana ndi mbuzi amatulukira paliponse. Msewu ukaipa musakhotere m'munda wa munthu, mwezi uno anthu agalauza kale mizere akudikira mvula. Mukafuna kufunsa njira, tsika m'galimoto, upereke moni bwinobwino, osati kutsitsa galasi n'kukuwa. Mukagula nkhuku kapena tomato musanenerere mpaka munthu kutsala ndi chisoni. Musawajambule osapempha. Ngati mudzaganize zogona kunja kwa paki, kaonekereni kaye kwa a mfumu. Anthu amenewa ndi omwe adzabwere ndi makasu ndi ng'ombe tsiku lomwe mudzatitimire, monga anandichitira ine, ndipo amakumbukira galimoto yomwe inawaphera mbuzi osaima.

Pogona, tenti musakhome m'njira yochokera kumadzi. Mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu, ndipo ikadzidzimuka imathamangira kumadzi osapatuka. Njira zake zimaoneka, wa gemu akuonetsani. M'damu musasambe ngakhale kutatentha motani. Zakudya, mapoto osatsuka ndi nsapato zigone m'galimoto chifukwa cha afisi, ndipo zipatso zonunkhira monga malalanje zisalowe m'tenti. Ana agone pakati pa akuluakulu, zipi yotseka, ndipo wofuna kutaya madzi usiku adzutse mnzake atenge tochi. Makala mubwere nawo, musathyole mitengo ya m'paki. Moto muusonkhe pamalo opalira bwino, ndipo pogona muuthire madzi mpaka phulusa lizizire pogwira ndi dzanja. Mphepo ya mwezi uno kambaliwali kamodzi kamaikwanira. Mabotolo ndi mapepala apulasitiki mubwerere nawo.

Pali china chomwe anzako a mu tauni sangachidziwe: kashembe. Ntchentche imeneyi ilimo m'paki, imatsata galimoto yoyenda, ndipo imakonda zovala zakuda ndi zabuluu. Valani zotuwa, za manja aatali, ndipo m'malo owirira mutseke mawindo. Si iliyonse yomwe ili ndi matenda, koma ina imapatsa kaodzera. Wina akadzatentha thupi patapita sabata imodzi mpaka zitatu, makamaka ngati polumidwapo patupa ngati chithupsa, apite kuchipatala ndipo anene yekha kwa dokotala kuti anali ku paki ya Kasungu. Asangomwa mankhwala a malungo n'kugona. Uwauze onse zimenezi musanabalalike Lamlungu. Maneti a udzudzu nawo mutenge. Ufunsenso aliyense mwakachetechete ngati ali ndi mphumu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo mankhwala ake anyamule. Chipatala chachikulu chili pa boma, ndipo usiku pamsewu wafumbi umenewo ndi patali.

Undilembere mayina a anthu onse, manambala a magalimoto, ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kutuluka pageti Lamlungu. Ikadzakwana 4 koloko madzulo usanaimbe, ine ndidzayamba kuimbira a gemu, ndipo usadzandinene kuti ndakuchititsa manyazi.

Lachisanulo mudutse pakhomo pano, sipatali ndi msewu wanu. Ndakusungira khasu la mpini waufupi, fosholo, ndi thabwa la mlombwa lomwe ndinkaika pansi pa jeki ya lole. Ndikufunanso ndione ndekha ngowe za magalimoto onse anayi. Amayi ako ayamba kale kufulula thobwa la anthu 14, ndipo akuti uwauze apongozi abweretse zigubu ziwiri zotsuka bwino zothiramo.

Ndine bambo ako.