Mlandu suola, afunseni anthu a ku Ireland

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yanuyi ndiyankhe mawu ena amene ndatopa nawo kuwamva kuno ku Harare, pamaliro, kutchalitchi, ngakhale pa gulupu ya WhatsApp ya ife ana a ku Malawi, oti mzungu ndi mzungu basi, onse anatidyera limodzi. Mwezi wa Malichi uli ndi masiku awiri amene andikankha kuti ndilembe, pa 3 kumudzi amakumbukira ofera ufulu a 1959, pa 17 anthu a ku Ireland kulikonse komwe ali amavala zobiriwira kukondwerera tsiku la Patrick Woyera, nde ine ndikuti masiku awiriwa ali pachibale, ndipo anzathu aja pali chinthu chimene anachigwira bwino chomwe ife tikuchitaya tikuona.

Ireland ndi chilumba chongoyandikana ndi Britain, ndipo utsamundawu Mngelezi anayamba kuuphunzirira pa neba wakeyu kalekale asanaione nkomwe nyanja yathu. Kuyambira 1609 kumpoto kwa chilumbacho, dera la Ulster, malo analandidwa nkupatsidwa kwa anthu obwera ochokera ku Scotland ndi England, mu 1649 Oliver Cromwell anafika ndi asilikali ake nkupha anthu osawerengeka m'tauni ya Drogheda, kenako kunabwera malamulo oti Mkatolika asagule malo, asavote, asakhale m'nyumba ya malamulo. Mapeto ake eni nthaka anasanduka matenanti olipira lendi pamunda pomwe makolo awo anagona, pena bwana mwini esiteti ali pheee ku London sanapondepo ndi tsiku limodzi lomwe. Amene agogo ake anagwirapo thangata ku Magomero kapena ku Thyolo, kapena akudziwa za lamulo logawa malo mwatsankho la Land Apportionment Act la 1930 kuno, safunika kumumasulira zimenezi.

Koma chilonda chachikulu ndi njala. Amphawi a ku Ireland ankadalira mbatatesi, yomweyi timalima ku Dedza ndi ku Ntcheu, chifukwa ndi mbewu yokhayo imene inkatha kudyetsa banja lonse pa kamunda kakang'ono komwe bwana wakusiyira. Mu 1845 kunagwa matenda oolesa mbatatesi, munthu kukumba nkupeza zakuda zonunkha, ndipo zinabwereza chaka ndi chaka mpaka cha m'ma 1852. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso oposa 1 miliyoni anathawa pa sitima za pamadzi zomwe ankazitcha mabokosi a maliro chifukwa cha kuchuluka kwa ofera m'njira. Tsono chimene chimawawawa mpaka lero si matenda a mbewuwo ayi, koma kuti nthawi yonseyo sitima zinkanyamukabe m'madoko a ku Ireland zitadzaza tirigu, ng'ombe, nkhumba ndi batala kupita ku England, olephera lendi ankagwetseredwa nyumba, ndipo mkulu wa ku Treasury amene ankayang'anira chithandizo, Charles Trevelyan, ankakhulupirira kuti boma lisalowerere kwambiri pa malonda. Taganizani chimanga chapserera m'dziko lonse ana akufa, koma malole odzaza chakudya akudutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku kupita kudziko la bwana, apolisi akuwaperekeza, mungaiwale inu? Mu 1841 pachilumbapo panali anthu oposa 8 miliyoni, mpaka lero chiwerengero chimenecho sichinabwererenso. Ndipo nthawi imeneyo Ireland sinali koloni yakutali ngati Nyasaland, inali gawo la United Kingdom kuyambira 1801, aphungu ake ali ku Westminster konko.

Pa 23 Januwale 1915 John Chilembwe anadzuka ku Mbombwe akudziwa bwino kuti mfuti za boma nzambiri. Chaka chotsatira chomwecho, Lolemba la Pasaka pa 24 Epulo 1916, Patrick Pearse, James Connolly ndi anzawo analanda positi ofesi yayikulu ya mu Dublin nkulengeza kuti Ireland ndi dziko loima palokha, sabata isanathe anagonja, ndipo poyamba anthu wamba ambiri a mumzindamo sanawasapote nkomwe. Chinatembenuza mitima ndi mmene boma linawaphera, mmodzimmodzi m'ndende ya Kilmainham, Connolly anali atavulala moti samatha kuima nde anamumangirira pampando nkumuombera ali chikhalire. Onse ophedwa anakwana 16, womaliza anali Roger Casement amene anapachikidwa ku London, ndipo ameneyu ife Afirika tiyenera kumudziwa chifukwa ndi yemwe mu 1904 analemba lipoti loulula nkhanza za anthu a mfumu Leopold ku Congo, kudula anthu manja chifukwa cha mphira. Kenako inabwera nkhondo, pangano la 1921 linatsimikiza kugawidwa kwa chilumbacho, maboma 26 akummwera kudzilamulira, 6 akumpoto kutsala ndi Britain, ndipo okhaokha anayamba kuphana pa za panganolo mpaka Michael Collins anaomberedwa ndi a mtundu wake omwe mu 1922.

Nkhani imene ndikufuna awerengi aimvetsetse ndi ya ku Derry, mzinda wakumpoto kuja kunatsala ndi Britain. Lamulungu pa 30 Januwale 1972 anthu ankachita zionetsero zokana kutsekera anthu m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, asilikali a Parachute Regiment anaombera, anthu 13 anafera pompo wina anamwalira pambuyo pake. Pali chithunzi chimene dziko lonse linaona, wansembe Edward Daly atawerama akukupiza kampango koyera kothimbirira magazi, kumbuyo kwake amuna anyamula mnyamata wa zaka 17, Jackie Duddy. Boma linachita kafukufuku wachangu wa Lord Widgery amene anayeretsa asilikali, basi nkhani akuti yatha. Abale a ophedwawo anakana. Chaka chilichonse ankayenda mumsewu omwewo atanyamula zithunzi za ana awo ndi mayina, anasunga zovala zobooka ndi zipolopolo, anasonkhanitsa maumboni, anavutitsa andale osatopa, mpaka mu 1998 nduna yayikulu Tony Blair analamula kafukufuku watsopano, ndipo pa 15 Juni 2010 lipoti la Lord Saville linanena poyera kuti ophedwawo sankaopseza moyo wa msilikali aliyense, tsiku lomwelo nduna yayikulu ya nthawiyo David Cameron anaima mu paliyamenti nkupepesa. Zaka 38 abale anga, makolo ena anamwalira akudikira, koma akuluakulu sananame kuti mlandu suola.

Tsopano tibwere kwathu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la zadzidzidzi, a Kamuzu anawanyamula kudzawatsekera ku Gwelo kuno, yomwe lero tikuti Gweru, ena ku Khami kufupi ndi Bulawayo. Ku Nkhata Bay anthu anakhamukira pa jeti chifukwa abale awo anali atatsekeredwa mu sitima ya Mpasa, ndipo asilikali amene anawaombera anali ochokera konkuno ku Southern Rhodesia. Lipoti la boma linawerenga anthu 20 pamalopo, eni ake kumeneko amawerenga oposa pamenepo. Jaji amene anafufuza, Patrick Devlin, analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo nduna yayikulu Harold Macmillan atakwiya analemba mu dayale yake kuti vuto la jajiyo ndi magazi a chi Irish. Mwaona mmene nkhanizi zalukirana? Koma ndifunse, mwa ife amene tikuwerenga kalatayi ndi angati angatchule mayina atatu okha a anthu amene anagwa pa jeti paja? Ine mwana wanga wobadwira ku Mufakose amadziwa za Mbuya Nehanda, mayi amene atsamunda anamupachika kuno, zomwe nzabwino, koma za Nkhata Bay ndikapanda kumuuza ine palibe angamuuze. A Mau Mau ku Kenya anakakamira kukhoti ku London mpaka mu 2013 boma la Britain linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228, ife tikudikirabe ngakhale pepani yekha.

Sindikunena kuti aliyense wa ku Ireland anali mngelo, ayi ndithu. Ambiri analowa usilikali ndi upolisi wa Mngelezi nkumapondereza anzawo m'makoloni, Michael O'Dwyer amene ankalamulira Punjab nthawi imene anthu anaphedwa ku Amritsar mu 1919 anali wa ku Tipperary, nduna yayikulu yoyamba ya Southern Rhodesia, Charles Coghlan, makolo ake anali a ku Ireland. Komanso mabomba a magulu omenyera ufulu anapha ana ndi amayi osalakwa, ku Omagh mu 1998 kunafa anthu 29 pangano la mtendere la Good Friday litasainidwa kale, ndipo nkhondo yakumpotoyo yonse inadya anthu oposa 3,500, zimenezo sindingazikometse. Koma anthu omwewo anatipatsa bishopu Donal Lamont wa ku Umtali, komwe lero tikuti Mutare, amene boma la Smith linamugamula zaka 10 mu 1976 chifukwa chokana kuneneza anyamata a kutchire, kenako nkumupitikitsa m'dziko, ndipo mu 1984 mtsikana wa pa tilu m'shopu ya Dunnes ku Dublin, Mary Manning, anakana kugulitsa zipatso za ku South Africa ya tsankho, iye ndi anzake ananyanyala ntchito pafupifupi zaka zitatu mpaka boma lawo linaletsa zipatsozo kulowa.

Pali kalata ina imene ife a kuno sitingaiiwale. Mu Novembala 1997 Clare Short, nduna ya boma la Blair, analembera Kumbirai Kangai, nduna ya za malo ya kuno pa nthawiyo, kuti Britain siikuvomera kuti ili ndi udindo wapadera wolipira malo ku Zimbabwe, nkuonjezera kuti iye makolo ake ndi a ku Ireland, anthu amene analamulidwa ndi atsamunda osati atsamundawo. Kwa ine kumeneko kunali kugwiritsa ntchito misozi ya agogo ake molakwika, chifukwa amalemba ngati nduna ya boma lomwe lija linagawa malo mosakondera eni, mlandu ndi wa mpando osati wa magazi a wokhalapo. Zimene zinatsatira kuyambira 2000, kulandidwa kwa mafamu a azungu, tonse tikuzidziwa, koma ochepa amanena kuti ambiri mwa antchito a m'mafamu amene anatsala pamtetete anali ife, ana a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, opanda mudzi wothawirako. Tinatchedwa anthu opanda mutupo, kapena kuti opanda mfunda, lamulo la unzika la 2001 linatisandutsa alendo m'dziko lobadwira, chitupa chili ndi chilembo A chotanthauza mlendo, mpaka malamulo a dziko a 2013 ndi amene anatibwezera unzika. Nde ine kukonda mtundu ndimakudziwa mbali zonse ziwiri, kumamasula komanso kumaluma neba amene sanalakwe, ndipo chimene ndimawalemekezera anthu a ku Derry aja nchoti mkwiyo wawo anauloza pa boma ndi mapepala m'manja.

Chinanso anzathu aja anachita bwino ndi matchona awo. Amene anathawa njala kupita ku Boston, New York ndi Liverpool sanataye kwawo, anasunga nyimbo, magule ndi mbiri, ankatumiza ndalama, ndipo lero mdzukulu wa munthu wobadwira ku Ireland akhoza kutenga unzika wa dzikolo ngakhale anabadwira kunja. Chilankhulo chawo chokha ndi chomwe chinavulala kwambiri, Chingelezi chinachimeza moti olankhula tsiku ndi tsiku ndi ochepa ngakhale amachiphunzitsa m'masukulu onse, ndipo apa ndi pomwe ndimachita mantha ndi ife. Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe, koma ana athu amachita nacho manyazi mu kombi kuopa kunenedwa kuti mabwidi, amayankha m'Chishona agogo akafunsa m'Chichewa, Gule Wamkulu akatuluka pamaliro ku Mabvuku achinyamata athu omwe amaima patali ngati si zawo.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili, chaka chilichonse pa 3 Malichi muzisindikiza mayina a anthu amene anaphedwa ku Nkhata Bay ndi m'madera ena mu 1959, lililonse ndi mudzi wake, kuti ifenso akunja tiziwerengera ana athu. Ndipo mutsegule tsamba loti ife a ku Halale tizilembapo nkhani za makolo athu, amene anayenda wapansi kudzera ku Tete, amene anabwera pa malole a ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, amene anathera m'migodi ya Shamva ndi m'mafamu a fodya, anachoka mudzi uti, mfumu yake ndani, chaka chanji, anamulipira zingati. Ku Mbare, Highfield, Tafara ndi Dzivaresekwa akuluakulu amene anaona chitaganya ndi maso awo atsala owerengeka ndipo mwezi ndi mwezi tikuwaika m'manda ku Mbudzi, pafupifupi aliyense ali ndi foni yoti akhoza kujambula mawu awo lero lomwe. Nkhani ya agogo anga aamuna ndayamba kale kuilemba m'kope, mukangotsegula tsambalo nditumiza.

Ine wanu,
Mdzukulu wa matchona,
Mufakose, Harare