Boma la Kenya limvere khothi pa nkhani ya a Ogiek

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhanza zimene anthu a mtundu wa Ogiek akukumana nazo ku Kenya. Anthuwa akhala m'nkhalango ya Mau kuyambira makolo awo, kufula uchi m'ming'oma yopachika pamwamba pa mitengo italiitali. Atsamunda a ku Britain ndiwo anayamba kuwathamangitsa, ndipo maboma obwera dziko litalandira ufulu anapitiriza, ati pofuna kuteteza nkhalango ndi magwero a mitsinje. Koma anawononga Mau ndani? Ndi ocheka matabwa ndi akuluakulu amene anagawiridwa malo n'kudzalamo tiyi. Wofula uchi angadulirenji mtengo umene njuchi zake zimadyako maluwa?

Mu 2017 khothi la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, linagamula kuti boma linawalakwira, ndipo mu 2022 linalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi ndi chikalata cha umwini wa malowo. M'malo momvera, mu Novembala 2023 alonda a nkhalango anakagwetsa nyumba za a Ogiek ku Sasimwani m'nkhalango ya Mau, ana ndi nkhalamba n'kutsala panja nyengo ya mvula.

Atsogoleri athu akakumana ku African Union, alifunse boma la Kenya pamaso chifukwa chake likunyozera chigamulo chimenechi.

Wowerenga wanu,
Zomba