Zikwama ndimasoka ine, koma anthu akudziwa mng'ono wanga

Azakhali,

Ndikulemba nthawi ili cha m'ma 1 koloko usiku. Ana agona, bambo awo nawonso ali mtulo, ine tulo tandithawa. Kalatayi ndaifufuta kawiri. Mukaitulutsa chonde musaikepo dzina langa.

Ndine mayi wa zaka 34, ndimasoka zikwama ndi zovala za ana. Ndinayamba mu 2016 ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo. Pano ndili ndi enanso amagetsi, omwe sindinamalize kulipira, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ntchito yanga ndimaidziwa. Chikwama changa mukachitembenuza simupeza ulusi wolendewera, ndipo pa zipi ndimadutsa kawiri kuti isaphotchoke. Vuto langa ndi pakamwa. Munthu mmodzi ndimacheza naye bwinobwino, koma anthu akachuluka ndimauma, ndipo ndikabwerera kunyumba ndimakhala nditatopa ngati ndasenza katundu tsiku lonse. Kuyambira ndili mwana ndili choncho. Achibale amati ndine wodzimva.

Masana ano kwabwera mayi wina kudzatenga chikwama chomwe anachita oda. Wandipeza pa makina, wandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abwana anu alipo?" Amanena mng'ono wanga. Azakhali, mukudziwa zomwe ndayankha? Ndati atuluka. Ndamukulungira chikwama chomwe ndinachezera nacho usiku wathunthu, iye n'kunena kuti ndiwapatsire moni, ali ndi luso. Ndavomera kuti uthenga ufika.

Ndifotokoze mmene zinayambira. Tsamba la pa Facebook ndinatsegula ndekha mu 2019. Ndinkayala nsalu yoyera pafupi ndi zenera, kuikapo chikwama, kujambula, kulemba kukula kwake ndi mtengo, basi. Maoda ankabwera pang'onopang'ono koma ankabwera. Kenako Instagram inabweretsa ma Reels, timavidiyo tafupitafupi, mu 2020, TikTok nayo inali itagwira moto, aliyense n'kumati zithunzi zatha ntchito, masiku ano anthu akufuna mavidiyo, akufuna kuona nkhope ya mwini bizinesi. Ndinkaonadi kuti anthu oona zithunzi zanga akuchepa.

Ndinayesa, asaname munthu kuti sindinayese. Tsiku lina ndinalowa Live, vidiyo yomwe anthu amakuonera nthawi yomweyo ukuyankhula. Ndinalemba zoti ndinene pa kapepala n'kukamata pakhoma kumbuyo kwa foni, foniyo ndinaitsamiritsa pa chitini cha mabatani. Pamwamba pa sikirini panaoneka nambala ya anthu oonera, 9. Ndinati moni nonse, mawu n'kuthera pomwepo. Ndinangogwira chikwama m'mwamba manja akunjenjemera. Wina analemba kuti sitikumva, wina anaika tinkhope toseka. Nambala ija inatsika kufika pa 4, ndipo mmodzi mwa anayiwo anali mng'ono wangayo. Mphindi zitatu sizinakwane. Ndinaifufuta, n'kukadzitsekera kubafa.

Ndiye mng'ono wangayo anati mundisiyire achemwali, ndizikupangirani. Ndinamulowetsa pa tsambalo ndi manja anga, sanandikakamize. Ndipo sindikana, amatha. Amaseka, amatchula makasitomala maina, maoda anachulukadi. Ndimamupatsa kangachepe mwezi uliwonse. Koma anayamba ndi kunena kuti zikwama zathu, pano akuti zikwama zanga. Sabata yatha anajambula vidiyo atakhala pa makina anga, atakoloweka tepi yanga yoyezera m'khosi. Tepi yachikasu yomwe ndinayamba nayo ntchito, manambala ake oyambirira anafufutika ndinachita kuwalembanso ndi bolopeni. Munthu woti kuika ulusi pa bobini sadziwa. Atamaliza anaisiya pansi, ndinaipeza mwana akusewera nayo. Ndikudziwa kuti ndi zazing'ono, koma sanandipemphe. Nditamufunsa anati anthu amagula kwa munthu amene akumuona, inu mukufuna dzina kapena ndalama? Amayi nawonso ali mbali yake, akuti ndizithokoza.

Mwina akunena zoona. Mwina ndi nsanje chabe. Foni ikaitana ndimaiyang'ana mpaka isiye, kenako ndimalemba meseji kuti pepani ndinali pa makina. Timizere tabuluu tosonyeza kuti ndawerenga uthenga ndinatizimitsa pa WhatsApp chifukwa munthu akafunsa kuti zingati, mtengo uli pomwepo pansi pa chithunzi, ndimafuna ndipume kaye ndisanayankhe. Pali makasitomala amene anathawa chifukwa cha zimenezi, ndikudziwa.

Palinso china chomwe bambo a ana sakudziwa. Ndinalipira mnyamata wina yemwe analonjeza kuti achulukitsa anthu otsatira tsamba langa. Anachulukadi usiku umodzi, maina achilendo okhaokha, ambiri opanda ndi chithunzi chomwe, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anafunsapo za chikwama. Ndalamayo inali ya zinthu zina, sindinena kuti ya chiyani.

Komatu pali zomwe ndimatha. Kulemba sindivutika. Status ya pa WhatsApp ndimaikonda chifukwa imazimiririka pakatha maola 24, sindikhala ndi mantha kuti cholakwika changa chikhalapo mpaka kale. Pa WhatsApp Business ndinaika katalogi ya katundu yense ndi uthenga wodziyankha wokha ndikakhala sindili pa foni. Ndinaphunziranso ndekha kugwiritsa ntchito Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera tsamba la pa Facebook, moti Lamlungu madzulo nditha kukonza zoposita za sabata yonse, zizituluka zokha. Ndinajambulapo kavidiyo ka manja anga okha akusoka chogwirira chikwama, kopanda nkhope, kopanda mawu, kungomveka makina basi. Mayi wina analemba kuti wakaonera katatu ndipo anagula. Mng'ono wanga anati kavidiyo kogonetsa tulo, ndipo sindinajambulenso kena.

Ndiye ndithandizeni. Kodi bizinesi ingakule pa intaneti mwini wake osaonetsa nkhope, kapena ndikudzinamiza? Ndidzikakamize kubwereranso pa Live mpaka ndizolowere, kapena munthu mmene anabadwira ndi momwemo? Ndikamuchotsa mng'ono wangayu pa tsambalo maoda akatsika, ngongole ya makina ndibweza ndi chiyani, nanga amayi ndiwauza chiyani? Ndikamusiya, ndimuuze bwanji kuti azinena kuti amasoka ndi achemwali anga, popanda kuoneka ngati ndikupempha chinthu changa chomwe? Ndipo za ndalama ija ndiulule kapena ndidikire kaye?

Mawa m'mawa akubwera kudzajambula zikwama zatsopano. Tepi ija ndaibisa pansi pa pilo.

Ine,
Mayi wosoka zikwama