Kalata ya agogo yonena za chidole chija

Chilenje, Lusaka

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Moni wochokera kuno ku Chilenje. Ine ndili bwino, mawondo okha ndiwo akumandivuta m'mawa. Kaya iwe ndi amayi ako kuChipatako? Uwapemphe akuwerengere kalatayi pang'onopang'ono, ndipo pamene sunamve uziwaimitsa n'kuwafunsa.

Chidole chija chachira. Mkono wabwerera pamalo pake. Amayi ako anandiuza pafoni kuti unalira m'basi kuyambira pa siteshoni ya Intercity mpaka kupitirira Chongwe, ati wapha chidole cha agogo. Pukuta misozi, mama. Sunachithyole iwe ayi, ndipo ndikuuza chimene chinachitika.

M'mimba mwa chidolechi mulibe kanthu, ndi mphako chabe. Mikono ndi miyendo yake sanaimate ndi guluu. Mkono uliwonse uli ndi kawaya kopindika kumapeto, ndipo timawayato timakoledwa ndi lasitiki amene amadutsa m'katimo. N'chifukwa chake mkono umatha kukwera ndi kutsika osagwa. Tsono lasitiki akakalamba amauma n'kumaduka yekha, monga amachitira wa m'chiuno mwa siketi yakale. Amene anali m'chidolechi anali wamkulu kuposa amayi ako. Nditasuzumira m'katimo ndinangopeza tizidutswa takuda, touma gwa, tofumbutuka ukatigwira. Ngakhale ndikanachinyamula ine tsiku limenelo, mkonowo ukanagwabe.

Chidolechi anandigulira ndi bambo anga mu 1967, m'sitolo ina ya mu Cairo Road. Nthawi imeneyo tinkagula zinthu ndi mapaundi ndi mashiling'i, poti kwacha inabwera chaka chotsatira, mu 1968. Ukatukula tsitsi lake kunkhongo pali timalemba tonena kuti chinapangidwa ku England. Ukadzabwera udzawerenga wekha.

Ndisanachigwiritse madzi ndinayamba ndachiyang'anitsitsa, chifukwa zidole zakale sizifanana. Zina za makedzana ankazipanga ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, kenaka n'kupaka penti pamwamba. Zimenezo zikanyowa zimafufuma, penti n'kuyamba kusupuka. Zinanso ndi za pulasitiki wopyapyala wotchedwa celluloid, amene amayaka nthawi yomweyo akayandikira mbaula. Chathuchi thupi lake ndi la pulasitiki wolimba, mutu ndi wofewerapo, ndiye madzi pang'ono sachiwononga. Komabe sindinachiviike m'beseni, kuopa kuti madzi angalowe m'maso n'kuchititsa dzimbiri. Ndinachipukuta ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda a sopo pang'ono. M'makutu ndi pakati pa tizala ndinadutsamo ndi thonje lokulunga pa kamtengo ka machesi. Ukanaona litsiro limene linatuluka m'makutumo! Ndinasintha thonje mpaka kutopa.

Pamwendo wakumanzere pali mzere wa inki. Azakhali ako amafuna kuufufuta ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, koma ine ndinakana. Mankhwala amenewo amadya pulasitiki, ndipo akakhudza nkhope amachotsa kufiira kwa milomo ndi masaya. Komanso mzerewo anaulemba ndi amayi ako ali msinkhu wakowu, ati amachibaya jekeseni. Uwafunse, uone ngati akana. Ndausiya momwemo.

Lasitiki watsopano ndinakagula ku Kamwala, uja wobulungira ngati chingwe, osati waphanthiphanthi wa masiketi. Ndinapinda waya kuti akhale ngowe yokokera. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, ndiye ndinaitana amalume ako. Iwo anagwira thupi ndi mkono umodzi, ine n'kulowetsa wayayo paphewa lina, kukola lasitiki, kumukoka mpaka atulukire kunja, kenaka kukoletsa mkono winawo. Pamafunika kuyeza bwino. Akathina kwambiri amang'amba pulasitiki wakaleyu paphewa, akakhwepa mikono imangoti lende. Amalume ako ndi ndevu zawo zija anachita kutuluka thukuta atagwira kamwendo ka chidole, ana a pafupi atadzaza pawindo kuseka. Tinasintha ndi wa miyendo yemwe, poti nayenso anali atatsala pang'ono kuduka.

Ukukumbukira kuti diso limodzi linkakhala lotsinzina ngakhale chidole chili chiimire? Kuseri kwa diso lililonse kuli kachitsulo kolemera. Ukachigoneka chagada, kachitsuloko kamatembenuza diso n'kutseka chikope, ukachidzutsa diso limatseguka. Lakumanzereli linali litagwidwa ndi fumbi. Ndinalipukuta m'mbalimbali ndi kaburashi kouma, ndikuchigoneka ndi kuchidzutsa mobwerezabwereza, mpaka linamasuka. Mafuta sindinathiremo. Tsopano maso onse akutseka, kungoti lakumanzere limachedwa pang'ono, ngati likufuna kuona kaye amene wabwera.

Tsitsi ndilo linandidyera nthawi. Linali litapotana, lolimba, chipeso osalowa. Tsitsi la chidole si la munthu. Ndi ulusi wa pulasitiki umene anausokerera m'timabowo ta m'mutu, ndipo likazuka silimeranso. Ndinalinyowetsa ndi madzi osakaniza ndi mankhwala ofewetsa zovala, n'kuligawa timagawo ting'onoting'ono. Dzanja limodzi linkagwira kutsinde kuti lisazuke, linalo likupesa kuyambira kunsonga, kukwera pang'onopang'ono. Ndinkachita zimenezi madzulo pakhonde, ndikumvera wailesi. Chipeso chamoto ayi, chingalisungunule. Kunkhongo kuli kadazi kakang'ono komwe tsitsi linathothoka kalekale, ndiye ndachisokera kaduku.

Diresi lake lakale, lija lotuwa la timaluwa, linadyedwa ndi njenjete ndipo nsalu yake yatha mphamvu. Ndinalichapa ndi manja mosapikicha, kuliyanika pamthunzi, kulipinda n'kulisunga m'pepala loyera. Silitayidwa limenelo, chifukwa ndilo chinabwera nalo kuchokera kusitolo. Latsopano ndasoka ndi zotsala za chitenje changa chobiriwira, pa makina anga a Singer opukusa ndi dzanja aja, amene sasamala kaya magetsi athima. Nsaluyo ndinayamba ndaichapa kambirimbiri mpaka madzi atasiya kusintha mtundu, poti utoto wa nsalu yatsopano umalowerera m'khungu la chidole ndipo kuuchotsa n'kovuta.

Azakhali ako akuti kumaiko akunja kuli anthu akuluakulu amene amasonkhanitsa zidole zakale n'kumaziika m'makabati a galasi, ndipo amazigula ndi ndalama. Zimenezo n'zoona. Anthu amenewo amakonda chidole chimene sichinapakidwenso penti, chokhala ndi zovala zake zoyambirira. Pamenepo ndikugwirizana nawo, n'chifukwa chake masaya ake ndawasiya ofwifwa momwe alili. Koma zogulitsa ndawauza azakhali akowo kuti aiwale. Zotsekera chidole m'kabati sindikuzifunanso. Uzidzachinyamula, kuchibereka kumbuyo, kuchigoneka, bola m'manja mukhale moyera, usachisambitse, ndipo usachisiye padzuwa chifukwa limasukulutsa nkhope ndi tsitsi.

Chatsala ndi nsapato. Imodzi inasowa amayi ako ali aang'ono, ndipo ndikufuna tidzasoke ziwiri zatsopano limodzi. Ndili ndi kansalu kofiira ndi kakuda, iwe ndiwe udzasankhe. Sukulu akatsekera mu December uwakumbutse amayi ako za ulendo, ndipo uwauze asaiwale kunditengera mtedza wa kuChipatako, wa kuno ku msika wa Soweto wakwera mtengo. Undipatsire moni bambo ako ndi aphunzitsi ako.

Ndine agogo ako okukonda.