Maungu a pakhomo

Kasungu
12 Okutobala

Wokondedwa Nabanda,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Leeds, ku Mangalande. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latikhalira pamutu ngati lili nafe mangawa. Phiri la Kasungu likuoneka mwa apo ndi apo chifukwa cha utsi, anthu ali pa kalikiliki kusosa ndi kutentha mapesi. Fumbi ndiye usanene. Ukasesa m'mawa, pofika masana ukhoza kulemba dzina lako patebulo ndi chala.

Zithunzi zija unanditumizira pa WhatsApp ndinaziona, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Maungu atatu akuluakulu, okhwima bwino, angokhala pakhomo pa aneba ako osadyedwa! Ndinawaonetsa amayi. Anayang'anitsitsa foni nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Kodi kumeneko kulibe mbuzi?" Nditawauza kuti pa 31 Okutobala, tsiku lanu la Halloween lija, ena amawaboola maso ndi pakamwa n'kuikamo kandulo, anangondibwezera foniyo n'kupitiriza kusadzula nkhwani wawo.

Koma masamba a mitengo ya mumsewu mwanumo ndi okongoladi, ndisaname. Andikumbutsa mitengo ya mombo panjira yopita ku Lifupa, momwe imafiirira mwezi wa Seputembala. Kusiyana kwake n'kwakuti anuwo akufiira poti akufa, athuwa amafiira poti angophuka kumene. Nyengo yathu yofananako ndi yanuyo ndi masika, Epulo ndi Meyi, udzu ukamauma, kamphepo ka m'mawa kakayamba kuluma, maungu ali mbwee m'minda.

Tsono wati ndikupatse nzeru zokongoletsera nyumba popanda kuwononga ndalama, poti zako zimathera ku lendi ndi kutumiza kumudzi. Ine amene ndinkagona nawe pamphasa imodzi kwa agogo ku Chamama, lero ndasanduka mlangizi wa za nyumba! Chabwino, ndikuuza zimene ndinachita m'nyumba tinasamukira ija, ya kunjira ya ku Mtunthama, iwe usankhapo zokuthandiza.

Ndinayambira makoma. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitini cha penti timangochiyang'ana m'sitolo ngati nyama ya m'butchala pakati pa mwezi. Ndiye ndinagula thumba la laimu. Koyamba ndinalakwitsa. Ndinkaganiza kuti akalimba ngati phala ndiye ayera msanga, ndipo ndinapaka chipupa chonse cha pabalaza kamodzi n'kamodzi. Sipanathe sabata, anayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Lamulungu lina alamu ako anatsamira khoma akumanga zingwe za nsapato, ndipo anakafika kutchalitchi msana wa jekete yakuda uli mbuu, ngati achokera kuchigayo. Palibe anawauza mpaka mapemphero kutha. Nkhani imeneyo m'nyumba muno siinazizirebe.

Mmisiri wina wachikulire ndiye anandiwongolera. Laimu umamunyika m'madzi usiku wonse, umusungunule akhale ngati mkaka, uthiremo mchere pang'ono kuti agwire. Khoma uyambe waliwaza madzi, kenaka upake mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti aume usanabwereze. Akakhala wauwisi amaoneka wotuwa, umangoti ndataya ndalama, koma m'mawa mwake nyumba imawala ngati mwaboola windo lina. Amatentha m'manja, ine ndinavala majumbo. Kumunsi kwa khoma, kulekeza m'mawondo, ndinapakako penti wa mafuta wa mtundu wa khofi, kachitini kamodzi basi, poti ana ndi tsache amadetsa pamenepo.

Chimene chinasintha pabalaza kwambiri sindinachigule. Pofuna kupaka laimu ndinatulutsa katundu yense panja, ndipo nditaona mmene chipindacho chinakulira, mtima unakana kubwezeramo zonse. Panali makalendala anayi, atatu a zaka zakale. Panali maluwa apulasitiki amene fumbi linawasandutsa mtundu umodzi. Panali tinsalu toluka tija toyala pamipando, paliponse kamodzi, ngakhale pamwamba pa wailesi. Ndiye kabati ya magalasi ija, yodzaza makapu a paukwati wanga amene palibe anamwerapo tiyi. Makapuwo ndinawatsitsa, pano tikumwera. Kabatiyo inapita kuchipinda, mukukhala nsalu. Mipando ndinaisuntha kuichotsa kukhoma pang'ono n'kuiyang'anitsana, m'malo moindandika ngati pamzere wa kusikelo. Mlendo woyamba kulowa anafunsa ngati tawonjezera nyumba.

Makatani ndinasoketsa a chitenje kwa telala wa pakhonde kumsika. Ukagula nsalu yathunthu ya mayadi 6 imakwana windo lalikulu, n'kutsalako zidutswa za makushoni awiri. Koma dzuwa lathu lino limadya chitenje, chimasuluka miyezi yochepa. Ndiye ndinasankha nsalu yoyera yoyala pabedi pa kaunjika, telala n'kuisokerera kumbuyo kuti dzuwa lizithera pamenepo. Ndinasamala chinthu chimodzi: mtundu. Ndinatenga chitenje chokhala ndi chikasu ndi khofi, ndipo china chilichonse cha pabalazapo ndinachitsatiza ku mitundu iwiriyo. Anzathu ambiri amalakwa apa, katani wobiriwira, kushoni yofiira, kapeti ya buluu, maso osapeza popumira. Ndipo usayerekeze kusokera makushoni nsalu za misonkhano zija zokhala ndi nkhope za anthu. Kwa mayi wina ndinakhalira nkhope ya munthu wamkulu mpaka tiyi kutha, ndinazindikira poimirira.

Patebulo ndinayalapo chiguduli. Inde, chomwechi chomangira mabelo a fodya opita ku Chinkhoma. Achimwene anandipatsa chakutha, ndinachichapa katatu kuti fungo lichoke, n'kudulapo pabwino, m'mphepete ndikusomola ulusi kuti muzilendewera. Ukaikapo mtsuko wadothi pamwamba, palibe amakhulupirira kuti chinachokera m'chigafa.

Za malichero ndiye tinakangana ndi amayi. Ndinagula asanu osiyana kukula kwa abambo ena amene amabwera nawo panjinga, ndinawapaka vanishi kuopa tizilombo tofumbula nsungwi, n'kuwakoloweka pakhoma mosalinganiza, lina m'mwamba lina m'munsi. Amayi anati lichero ndi lopetera, ndipo nyumba yokoloweka malichero pabalaza imaonetsa ngati mulibe khitchini. Ine ndinawakumbutsa kuti m'mahotela a ku Lilongwe azungu amajambulitsa pa zinthu zomwezi. Sanayankhe. Patapita masiku ndinapeza lichero lapakati lili ndi gaga m'mphepete. Analitsitsa, anapetera mphale, n'kulibwezera pamsomali pake bwinobwino. Ndinangozisiya. Kunena zoona, Nabanda, zinthu zimenezi kale ndinkachita nazo manyazi. Nditangokwatiwa ndinkabisa mkeka kuseri kwa chitseko alendo akamabwera, kuti aone kapeti yapulasitiki imene inkanunkha dzuwa likatentha. Lero mkeka womwewo ndi umene uli pakati pa balaza, ndipo nyengo yotentha ino aliyense amathawa sofa n'kukhala pansi.

M'masika apitawa nanenso ndinachita zanga zofanana ndi aneba akowo. Ndinaika ngala za mapira ndi udzu wouma mumtsuko, zipanda ziwiri pambali pake, ndipo pakhoma ndinamangirira chimanga chenicheni cha makolo, chija cha maso osakanikira ofiira ndi akuda. Zinakongola milungu iwiri. Wachitatu tinayamba kumva kukukuta usiku, ndipo anankafumbwe anali atayamba kale kuyenda pakhoma langa loyera. Makoswe anadya chimanga, anadya mapira, anaboolanso kushoni imodzi ngati ndiwo yake. Pano mbewu ndimaziika m'mabotolo agalasi otseka bwino, lina nyemba zamawangamawanga, lina mtedza wofiira, lina soya, n'kuwandandika pawindo la kukhitchini. Zipanda zokha ndi udzu wa mumtsuko ndi zimene zinatsala.

Kuchipinda sindinachiteko zambiri. Neti ya udzudzu ndinaichotsa pa misomali inayi ija imene inkachititsa chipinda kuoneka ngati wodi ya kuchipatala, n'kuimangirira pa mkombero wa nsungwi wolendewera pakati. Masana ndimaipinda mfundo imodzi. Kumutu kwa bedi ndinapachika chitenje chimodzi pa ndodo, zovala zochapa zikupita mudengu lovundikira, masutikesi analowa pansi pa bedi. Basi. Kalipentala anandikhomera katebulo kuchokera ku zidutswa za paini, pamene pamakhala nyali ya sola yothandiza magetsi akathima.

Tsono kwa iwe. Wati mwini nyumba salola kupaka penti kapena kukhoma misomali, ndiye za laimu iwala. Vuto lako lalikulu ndikuona kuti ndi mdima. Lamulungu lomaliza la mwezi uno mubweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo unandiuza kuti pofika Disembala 4 koloko masana kumakhala kutada. Usadalire babu limodzi la kudenga, limachititsa nyumba kuzizira m'maso. Pita m'mashopu anu a zinthu zakale aja, ma charity shop, kaunjika wakwanuko, ukapeze nyali ziwiri zapatebulo, uikemo mababu owala mwachikasu, imodzi pakona ya balaza, ina pafupi ndi bedi. Ukapezanso kalilole wamkulu umutsamiritse kukhoma loyang'anana ndi windo, safuna msomali, ndipo kadzuwa kochepa kamene mumakaonako kazilowa kawiri. Zitenje zimene unapita nazo zija ndikudziwa zili m'sutikesi kudikira ukwati wa Amalawi. Tulutsa chimodzi uyale kumiyendo kwa bedi, china pamsana pa sofa. Masamba ofiirawo ndi aulere, atume ana akatole kupaki, muwapanikize m'buku lolemera sabata imodzi, kenaka muwaike m'botolo kapena muwamange pa ulusi pawindo. Dzungu ukagula, gula limodzi laling'ono, likhale patebulo masiku atatu, lachinayi uliphike. Amayi akamva kuti nawenso waliboola maso sindidzatha kukuikira kumbuyo.

Msuweni wa alamu ako akubwera kumeneko mu Disembala. Ndikufuna ndimupatsire timalichero titatu tating'ono tokwana m'chikwama, ndi makatani osokasoka. Ndiye yeza windo la pabalaza pako, m'litali ndi m'lifupi, unditumizire masentimita ake. Usayeze ndi mikono ngati mmene unachitira ndi diresi lija, telala wanga mpaka lero amandifunsa ngati mnzanga wa ku Ulaya ndi wamtali ngati mlongoti. Undiuzenso ngati ukufuna chikasu ngati changa kapena mtundu wina.

Upereke moni kwa ana. Amayi akuti uwatumizire njere za maungu akuluakuluwo, ayese kudimba.

Ndine mnzako,
Naphiri